Ampu ya madala ndi modelo yomwe anaikana: lipoti la ntchito yokopera mawu a ampu ya gitala

Ntchito imeneyi inandipeza ndili pakati pa ntchito ina. Tinkajambula nyimbo za kwaya ina mu situdiyo yanga yaing'ono ku Blantyre, ndipo woliza gitala anali bambo wina wa zaka zopitirira 60, yemwe wakhala m'mabandi kuyambira m'ma 1980. M'lipoti lino ndiziwatchula kuti madala, monga tonse timawaitanira. Anabwera ndi ampu yawo ya mavalavu (timachubu tagalasi tokuza mawu) yopangidwa ku Britain, ya mawati 30, yokhala ndi mavalavu anayi a mtundu wa EL84 komanso masipika awiri a mainchesi 12. Anaigula kalekale kwa m'bale wawo wochokera ku Joni. Kulemera kwake kumaposa makilogalamu 30, moti pokwera nayo minibasi amalipira mipando iwiri.

Patatha theka la ola tikujambula, ndinayamba kumva kung'ung'udza kunsi kwa mawu a gitala, ndipo nthawi zina ampu inkathetheka ngati nkhuni zauwisi pamoto. Madala anaimenya pang'ono pamwamba, inatonthola, tinapitiriza. Tsikulo tinamaliza bwino, koma mwana wawo wamwamuna, yemwe amawanyamulira zida, anandikokera pambali. Anati ampuyo yakhala ikuchita zimenezo kwa miyezi ingapo, mavalavu sapezeka m'masitolo kuno mpaka kuitanitsa ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo bambo ake amakana kuliza pa ampu ina iliyonse. Anafunsa ngati n'zotheka kukopera mawu ake kuti alowe m'kabokosi kopondera pansi, ampu yeniyeniyo izikhala kunyumba.

Ndinavomera msanga, chifukwa ndinali nditachitapo zimenezi pa maampu ena awiri ndipo zinayenda popanda chovuta. Ndinawauza kuti ndi ntchito ya masana amodzi. Inatitengera milungu isanu.

Kwa anzanga amene simunagwirepo ntchitoyi, ndifotokoze pang'ono chomwe chimachitika. Kale, kuti mawu a ampu alowe m'makina a digito, akatswiri ankachita kuunika waya ndi kachipangizo kalikonse ka m'kati mwake n'kulemba masamu ake, ndipo zida ngati POD ya Line 6, yomwe inatuluka mu 1998, zinatchuka ndi maampu opangidwiratu kufakitale. Mu 2011 Christoph Kemper wa ku Germany anaonetsa Kemper Profiler, makina omwe amatumiza okha mawu oyesera mu ampu, kumvetsera zotuluka, n'kudzisintha kuti afanane nayo. Mu 2019 ofufuza a pa Aalto University ku Finland anasonyeza kuti neural network, pulogalamu ya kompyuta yophunzira kuchokera ku zitsanzo, ikhoza kuphunzira khalidwe la ampu ya mavalavu pongoyerekeza mawu olowa ndi mawu otuluka, ndipo njira imodzi inatengera WaveNet, yomwe DeepMind inapanga mu 2016 pofuna kutulutsa mawu a munthu. Kenako panabwera Quad Cortex ya Neural DSP, TONEX ya IK Multimedia mu 2022, komanso Neural Amp Modeler, mwachidule NAM, pulogalamu yaulere ya Steven Atkinson. Ine ndinasankha NAM chifukwa siifuna kugula makina apadera: laputopu, audio interface (kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu m'kompyuta), reamp box (kabokosi kotengera mawu a m'kompyuta ku ampu) ndi maiki n'zokwanira.

Kachitidwe kake n'kosavuta kukamva. Pali fayilo ya mphindi zitatu ndi masekondi 10, ya 48 kHz ndi 24-bit, yomwe umaiseweretsa kudzera mu ampu n'kujambula zotuluka. Mafayilo awiriwo umawapereka kwa pulogalamu yophunzitsa modelo, kutanthauza chifaniziro cha ampu cha m'kompyuta, ndipo pomaliza imakupatsa nambala yotchedwa ESR, yosonyeza kukula kwa kusiyana pakati pa modelo ndi ampu. Ikatsika kupitirira 0.01, anthu ambiri amati ntchito yayenda bwino kwambiri.

Kuyesa koyamba

Loweruka masana tinaika ampu m'chipinda chojambulira, maiki ya SM57 patsogolo pa sipika imodzi, madala anakonza mabatani momwe amakondera. Ndinazimitsa tremolo (yonjenjemeretsa mawu) ndi reverb (yotalikitsa mchira wa mawu), chifukwa modelo yotereyi imangokumbukira kachigawo kochepa ka sekondi, kosafika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho chilichonse chozungulira pachokha kapena chotalika mchira chimaisokoneza. Tinajambula, ndinakweza mafayilo pa Google Colab, komwe umabwereka makompyuta a Google kudzera pa intaneti, poti laputopu yanga ilibe GPU (purosesa yofulumizitsa kuphunzitsa modelo) yamphamvu, ndipo pulogalamu inakana kuyamba.

Kukana kumeneku n'kofunika kukumvetsa. M'fayilo ija muli chigawo cha masekondi 9 chomwe chili koyambirira, n'kubwerezedwanso chimodzimodzi kumapeto. Pulogalamu imayerekeza zomwe ampu inatulutsa pa zigawo ziwirizo. Ngati ampu yayankha mosiyana pa mawu ofanana, ndiye kuti china chake chinasintha m'kati mwa mphindi zitatuzo, ndipo palibe modelo yomwe ingaphunzire bwino chinthu chosakhazikika. Ampu ya madala inali itasinthadi. Nditaika zigawo ziwirizo pamodzi pa sikirini, chakumapeto chinali chotsika mphamvu komanso chosasa kuposa choyamba.

Ndinapeza zinthu zitatu. Choyamba chinali kung'ung'udza kwa 50 Hz, komwe kunabwera chifukwa ampu ndi interface zinali zolumikizana ndi nthaka kudzera njira ziwiri. Izi zinatha nditadina ground lift, batani lodula imodzi mwa njirazo, pa reamp box. Ndikuchenjeza apa, chifukwa ndaona anthu akuchita: musadule waya wa nthaka pa pulagi ya ampu pofuna kuthetsa phokosoli. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi thupi la ampu, ndipo china chake chikalakwika m'katimo, moto umadutsa m'manja mwa woliza. Chachiwiri chinali kung'ung'udza kwa 100 Hz, komwe sikunachoke ngakhale nditazula waya wolowera. Phokoso lowirikiza kawiri la magetsi a pakhoma nthawi zambiri limaloza ku makapasita akuluakulu osefa magetsi, omwe akakalamba amauma. Chachitatu ndinachiona pa mita: magetsi a pakhoma ankayendayenda pakati pa mavolti 214 ndi 229 m'nthawi yochepa yomwe tinkajambula, malinga ndi zomwe anansi ankayatsa ndi kuzimitsa.

Apa ndinapanga chisankho chomwe mpaka lero ndimachiganizira. Ndinauza madala kuti ampu ipite kaye kwa wokonza, tidzajambule ikachira. Iwo anazengereza. Anati, "Mwana wanga, akaitsegula imeneyi ibwera ndi mawu ake?" Ndinawatsimikizira kuti makapasita atsopano angochotsa phokoso basi. Ndinkakhulupirira zomwe ndinkanenazo, ndipo mbali yaikulu zinali zoona, koma sizinali zoona zonse.

Wokonza wake ndi mkulu wina amene anazolowera mawailesi akale ndi maampu a m'matchalitchi. Anasintha makapasita osefa magetsi, anatsuka timabowo tomwe mavalavu amakhalamo, anawotchereranso waya wina yemwe anali atalekana, ndipo kuthetheka kuja kunali kochokera pomwepo. Ma EL84 anawasiya, anati akadali ndi moyo. Ntchito imeneyi musamaichite nokha ngati simunaiphunzire, poti makapasita a ampu ya mavalavu amasunga mavolti mazanamazana ngakhale ampu itazimitsidwa.

Kuyesa kwachiwiri ndi kukanidwa

Patatha milungu iwiri ampu inabwera ili chete ngati yatsopano. Ulendo uno ndinailumikiza ku sitabilaiza, mita n'kukhazikika pa 230, ndinaisiya itenthe kwa theka la ola ndisanajambule. Pulogalamu inalandira mafayilo. Inapeza yokha kuchedwa kwa mawu pogwiritsa ntchito timaphokoso tiwiri takuthwa tomwe tili chakumayambiriro kwa fayilo, inaphunzira, ndipo ESR inatsikira pa 0.006. Ndinasangalala kwambiri. Ndinamvetsera fayilo yoyesera pa ampu ndi pa modelo mosinthanasinthana, ndipo khutu langa silinapeze kusiyana.

Madala anabwera mawa lake, analumikiza gitala yawo ku interface, analiza kwa mphindi zosakwana ziwiri, n'kuika gitala pamiyendo. Anati, "Mawu ake ndi abwino, koma si anga. Ndikamaikanda sikundiyankha."

Ndikuvomera kuti poyamba ndinaganiza kuti ndi mtima chabe wokonda chinthu chakale. Nambala inali kumbali yanga. Koma ndinawapempha kuti andionetse pa ampu yeniyeni chomwe ankatanthauza, ndipo apa mpamene ntchito inatembenukira. Madala saliza ndi piki. Amaliza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo kalizidwe kawo konse kamakhala pamalire pomwe mawu oyera amayamba kusasa. Akagwira nsambo mofewa, mawu amatuluka oyera ngati belu. Akaikanda mwamphamvu, mawu amasasa pang'ono n'kufufuma. M'nyimbo imodzi amawoloka malirewo kambirimbiri osakhudza batani lililonse. Pa modelo yanga malirewo analipo ndithu, koma anali kutali, moti zala zawo sizinkafikako.

Vuto linali muyezo wa mphamvu yolowera, ndipo cholakwacho chinali changa. Modelo siidziwa mavolti, imangodziwa manambala a m'kompyuta. Pojambula, nambala inayake ya m'fayilo imafika pa ampu ili mavolti akutiakuti, malinga ndi momwe reamp box yatsegulidwira. Poliza, mavolti a gitala amasanduka nambala malinga ndi momwe gain (batani lokweza mphamvu yolowera) ya interface yatsegulidwira. Ngati miyezo iwiriyi siikugwirizana, modelo imamva gitala ngati yofooka kapena yamphamvu kuposa momwe ampu ikanaimvera. Pa maampu awiri omwe ndinakopera kale sindinazindikire zimenezi, chifukwa onse anali a mawu osweka kwambiri, omwe kusiyana kwa ma dB (muyezo wa mphamvu ya mawu) ochepa sikumveka. Pa ampu yokhala pamalire, ma dB ochepa omwewo ndiye nkhani yonse.

Ndinaseweretsa mawu a 1 kHz pa mphamvu yonse, n'kuyeza mavolti otuluka pa reamp box ndi mita, kenako ndinawasandutsa dBu, muyezo wa mavolti a mawu, podziwa kuti 0 dBu ndi mavolti 0.775. Ndinachitanso chimodzimodzi mbali yolowera gitala. Kusiyana kunali pafupifupi 6 dB, kutanthauza kuti modelo inkalandira theka la mavolti omwe ampu inkalandira kuchokera pa gitala yomweyo. Nditakweza input ndi muyezo umenewo, madala analizanso, nkhope inamasuka pang'ono. Anati tsopano yayamba kumva. NAM ya masiku ano ili ndi malo olembamo miyezo imeneyi kuti izidzikonza yokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindijambula ndisanayeze ndi kulemba.

Komabe sanakhutire. Anati nsambo zazikulu zauma, sizikugwada monga zinkachitira. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti atalizanso pa ampu yeniyeni mu situdiyo momwemo, ananenanso mawu omwewo. Ndiye kuti modelo inali itakopera molondola, koma inakopera ampu yomwe mwini wake sankaidziwa.

Ulendo wa kunyumba kwawo

Ndinapempha kuti ndikamve ampuyo komwe amailiza masiku onse. Ndinapita kunyumba kwawo madzulo, nthawi yomwe anthu ayatsa makuka ndi mawailesi akanema, nditatenga mita m'thumba. Pakhoma panali mavolti 209. Mwana wawo anati nthawi imeneyo ndi yomwe bambo ake amayeserera tsiku lililonse, ndipo m'malo ambiri omwe amakaimba amagwiritsa ntchito jenereta yaing'ono yomwe yasenza kale masipika ndi magetsi owunikira. Analiza pomwepo, ndipo ndinamva ndi makutu anga kuti ampu ndi yofewa kuposa momwe inalili mu situdiyo.

Chifukwa chake n'chodziwika. Ampu ya mavalavu yakale ilibe chowongolera magetsi m'kati. Magetsi a pakhoma akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mavolti opita ku mavalavu amatsikanso chimodzimodzi, ndipo ampu imayamba kusasa msanga. Kwa zaka zambiri zala za madala zinaphunzira kuliza pa ampu ya magetsi operewera. Sitabilaiza yanga inachotsa kuyendayenda kwa magetsi, zomwe zinali zofunika, koma inakwezanso ampu kufika pomwe mwini wake sankafikapo kawirikawiri.

Wokonza uja anatibwereka variac, transifoma yomwe umapotokola kuti usankhe mavolti. Tinailumikiza pambuyo pa sitabilaiza kuti magetsi akhale otsika koma osagwedezeka. Madala ankaliza, ine ndikutsitsa pang'onopang'ono iwo osaona mita, mpaka anati, "Imani pomwepo." Panali pa 212. Sindinafune kutsika kupitirira apo, chifukwa nyale zotenthetsa mavalavu zimafuna mavolti 6.3 ndipo nazo zimatsika limodzi, zomwe si zabwino kwa mavalavu zikapitirira muyezo.

Tsiku limenelo tinajambula kasanu. Modelo ya mtundu umenewu imagwira ampu monga ilili pa malo amodzi a mabatani. Ukatsitsa gain pa modelo sizifanana kwenikweni ndi kutsitsa volume pa ampu, poti m'kati mwa ampu mabatani amakokana. Makampani akuluakulu amathana nazo mwa kujambula malo ambirimbiri a mabatani: Neural DSP ili ndi loboti yotchedwa TINA yomwe imapotokola mabatani a ampu yokha pamene makina akujambula, kuti modelo imodzi iphunzire ampu yonse. Ife tilibe loboti, choncho ndinafunsa madala malo omwe amagwiritsadi ntchito. Anali atatu: lakwaya, lazikwati, ndi lina lokwera lomwe amatsegula akamaliza yekha pakati pa nyimbo. Malo awiri oyambawo tinawajambula kawiri, kamodzi ndi maiki pa sipika, kachiwiri kudzera mu load box (kabokosi kolowa m'malo mwa sipika) ya ma ohm 16 popanda sipika, kuti mtsogolo tidzathe kuphatikiza ndi IR (fayilo yosunga kamvekedwe ka sipika) ya sipika ina. Ampu ya mavalavu isayatsidwe popanda sipika kapena load box, apo ayi transifoma yotulutsira mawu ikhoza kupsa. Pa jambulo lililonse ndinatola chithunzi cha mabatani ndi pomwe maiki inali, n'kulemba mavolti a pakhoma ndi dBu ya reamp box m'dzina la fayilo.

ESR ya mamodelo atsopanowa inali pakati pa 0.008 ndi 0.013, yoipirapo pang'ono poyerekeza ndi ija yomwe anaikana. Atawaliza sanaike gitala pansi. Analiza nyimbo yonse, kenako ina, ndipo mwana wawo anayamba kuwomba m'manja motsatira.

Chomwe sitinathe kubweza

Panatsala kanthu kamodzi. Madala ankanenabe kuti akamenya nsambo ziwiri zazikulu pamodzi, kale mawu ankayamba agwa kaye kenako n'kudzuka, ndipo tsopano akudzuka msanga. Ndikukhulupirira kuti kumeneko kunali kufooka kwa makapasita akale aja, omwe sankatha kusunga magetsi okwanira ampu ikapanikizidwa. Kwa wokonza chimenecho ndi chilema, ndipo sanalakwe kuwasintha, chifukwa kapasita youma ikhoza kuphulika n'kuwononga zina. Kwa woliza, chinali mbali ya dzanja lake.

Ndinabwerera ku fayilo ya tsiku loyamba lija, yomwe mwamwayi sindinaifufute. Ndinauza pulogalamu kuti iphunzire ngakhale inali itakana, ndipo ESR inatuluka yoipa, pamwamba pa 0.05. Phokoso la 100 Hz silinalowe m'modelo, chifukwa modelo imaphunzira zokhazo zomwe zimatsatira mawu olowa, ndipo kung'ung'udza sikutsatira gitala. Madala atailiza anati kugwa kuja akukumva patalipatali, koma mawu apamwamba ndi osalongosoka. Sitinaigwiritse ntchito. Ndikanakhala kuti tsiku loyamba lija ndinalumikiza sitabilaiza, n'kudikira kuti ampu itenthe mokwanira, n'kujambula kangapo ampu isanapite kwa wokonza, mwina bwenzi tili ndi modelo yabwino ya ampu momwe inalili. Ampu yodwala ikabwera tsopano, ngati wokonza wanena kuti kuiyatsa kwa ola limodzi sikungaike munthu kapena ampuyo pangozi, ndimayamba ndaijambula, ndipo ndimapempha kuti zipangizo zochotsedwa zisatayidwe.

Kulowetsa m'kabokosi

Mwana wawo anagula kabokosi kopondera pansi komwe kamalandira mafayilo a NAM. Purosesa ya tizida totere ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya laputopu, choncho modelo ya kukula kwa standard inali yolemera. NAM ili ndi mitundu yopepukirapo, lite, feather ndi nano, ndipo ndinaphunzitsanso mamodelo atatu aja pa lite ndi pa feather kuchokera ku mafayilo omwewo. Pa malo akwaya, omwe ndi oyera, feather inakwana. Pa malo okwera aja, feather inkamveka yokalipa mawu akamazimirira, choncho tinasiya lite. Muyezo wa mphamvu yolowera tinauyezanso pa kabokosiko, poti sunali wofanana ndi wa interface yanga. Tremolo ndi reverb tinatenga za m'kabokosi momwemo, madala anasankha liwiro ndi khutu.

Pa ukwati woyamba womwe anapita nako, mwana wawo anandiimbira foni nthawi yopuma. Anati anthu sakudandaula, woyendetsa mikisa wasangalala kuti gitala ikumveka bwino popanda phokoso, koma bambo ake akuti akudzimva ngati ali pa wailesi. Izi ndinayenera kuziganizira kale. Modelo yojambulidwa ndi maiki imatulutsa zomwe maiki inamva itagunda nsalu ya sipika, pomwe woliza anazolowera kumva bokosi lonse la masipika awiri likuwomba kumbuyo kwa miyendo yake, mawu ena akutulukira kumsana kwa ampu n'kugunda khoma. Monita, sipika ya woliza yoyang'ana kumaso, singapereke zimenezo. Ndinawauza kuti atenge sipika imodzi yokhala ndi ampu yakeyake, aiike pansi kumbuyo kwa madala, pamalo pomwe ampu inkakhala, n'kuchepetsako mawu apamwamba. Theka lachiwiri la mwambowo analiza osadandaula, ndipo mpaka pano amaimika choncho.

Tinagwirizananso za umwini wa mafayilo. Pa intaneti pali malo omwe anthu amagawana mamodelo a NAM mwaulere, ndipo anyamata awiri omwe amabwera ku situdiyo anandipempha kuti ndiwapatse a madala. Ndinawafunsa eni ake, anati ayi, pakadali pano akhale awo ndi a mwana wawo. Mafayilo ali pa kompyuta yanga, pa fulashi yomwe ili kunyumba kwawo, ndi pa imelo ya mwana wawo. Ndinasunganso majambulo osaphunzitsidwa aja, chifukwa njira zophunzitsira zikusintha chaka ndi chaka ndipo tidzatha kupanga mamodelo abwinopo popanda kuyatsanso ampu.

Patatha miyezi inayi, EL84 imodzi inayamba kufiira m'kati madala akuyeserera kunyumba, ndipo anazimitsa msanga. Mavalavu anayi ofanana anaitanitsidwa kudzera mwa mdzukulu wawo wa ku Johannesburg, ndipo anatenga milungu isanu ndi umodzi kuti afike. M'nthawi yonseyo sanaphonye ntchito ngakhale imodzi. Mavalavu atsopano atalowa, anabwera ndi ampu ku situdiyo, tinaiika pa 212 n'kuiyerekeza ndi modelo. Ampu inali yowala komanso yolimba kuposa modelo, ndipo madala anati tiilize kaye miyezi ingapo kuti mavalavu akhazikike, kenako tidzajambulenso malo atatu aja, kuwonjezerapo lachinayi la gitala yawo ina ya nsambo zopyapyala yomwe amaliza pamaliro.